Flotsam, jetsam, lagan ndi derelict: mayina a katundu wa sitima zosweka ndi milandu imene inawabala

Bokosi likamayandama pakati pa nyanja, maso sangakuuzeni dzina lake. Mabokosi awiri ochokera m'sitima imodzi, onyowa mofanana, odzaza ndi nsalu za mtundu umodzi, akhoza kukhala ndi mayina osiyana pamaso pa lamulo la panyanja la ku England: ili flotsam, ilo jetsam. Kusiyanako sikuli m'matabwa a bokosilo kapena m'zimene zili m'kati mwake. Kuli m'njira imene linalowera m'madzi. Kodi linagwa lokha sitima ikusweka, kapena panali munthu amene analinyamula n'kuliponya dala? Ndipo ngati analiponya, anali ndi maganizo odzalitenganso kapena analitayiratu?

Ambiri amene anaphunzira Chingelezi amawamva mawu awiriwa ali limodzi ngati mapasa, akutanthauza zinthu zachabechabe zomwazikana. Tanthauzo limenelo linabwera mochedwa, cha m'zaka za m'ma 1800. Poyamba anali mawu a m'khoti, ndipo sanali awiri okha. Ali ndi anzawo ena awiri, lagan ndi derelict, komanso liwu lalikulu limene limawakuta onse, wreck. Onsewa anasulidwa kuti ayankhe mafunso awiri amene anthu amakanganirana sitima ikamira: katunduyu tsopano ndi wa yani, ndipo amene watayika amulipira ndani.

Liwu lalikululo ndi lakale kwambiri. Wreck linalowa m'Chingelezi kudzera m'Chifalansa chimene ankayankhula akuluakulu a ku England Anormani atalanda dzikolo mu 1066, koma muzu wake uli m'chiyankhulo chakale cha ku Scandinavia, m'mawu otanthauza kukankha kapena kupirikitsa. Choncho wreck poyamba sichinali chisitima chophwanyika chimene timachiona pa zithunzi, koma chinthu chilichonse chimene mafunde akankhira kumtunda. Zoterezi zinali za mfumu, ndipo mfumu inkagawa ufulu wozitola kwa eni malo a m'mphepete mwa nyanja. Ufulu umenewu unali chuma chenicheni, ndipo unali ndi ululu wake: wamalonda amene sitima yake yasweka ankataya kawiri, koyamba kwa nyanja, kachiwiri kwa mwini gombe. Lamulo loyamba la Westminster la mu 1275, nthawi ya mfumu Edward I, linayesa kuchepetsako nkhanzazi. Linati ngati munthu, galu kapena mphaka wapulumuka wamoyo m'sitimamo, katunduyo asatchedwe wreck, koma asungidwe kwa chaka ndi tsiku limodzi kuti mwini wake abwere ndi umboni. Galu kapena mphakayo ankathandiza kuzindikira kuti sitimayo inali ya yani.

Matanthauzo amene akugwirabe ntchito mpaka lero anakhazikika pa mlandu wa Sir Henry Constable mu 1601, umene katswiri wa malamulo Edward Coke anaulemba. Constable anali ndi ufulu wotola wreck m'dera la Holderness ku Yorkshire, ndipo nkhani inali yakuti ufulu wakewo ukulekezera pati. Khoti linadula motere: katundu akadali pamadzi kapena pansi pa madzi sanakhale wreck, ali m'manja mwa khoti la za panyanja, nyanja ikamulavulira pamtunda, pamenepo ndiye wasanduka wreck. Pofuna kumveketsa malirewo, linatchula mitundu itatu ya katundu amene akadali m'nyanja.

Flotsam ndi katundu amene akuyandama sitima itamira kapena itasweka. Palibe dzanja la munthu pamenepa, ndi ngozi basi. Liwuli linachokera ku floteson wa Chifalansa cha ku England chija, kuchokera ku mneni floter, kuyandama. Masiku ano liwuli limakutanso katundu amene mafunde akokolola pamwamba pa sitima ngakhale sitimayo sinamire. Zitsanzo zodziwika bwino ndi za makontena. Mu Januwale 1992 kontena ina inagwa m'sitima kumpoto kwa nyanja ya Pacific n'kumwaza zidole zosambira nazo ana zokwana 28,800, abakha achikasu, achule, akamba ndi tinyama tina ta pulasitiki. Katswiri wa za kayendedwe ka madzi a m'nyanja Curtis Ebbesmeyer anatsatira malo amene zidolezi zinkakocheza n'kuphunzirapo mmene madzi amazungulirira. Mu Febuluwale 1997 funde lalikulu linawomba sitima ya Tokio Express pafupi ndi Land's End, nsonga ya dera la Cornwall ku England, n'kugwetsa makontena 62, ndipo imodzi mwa iwo inali ndi tizidutswa ta Lego pafupifupi 5 miliyoni, timene anthu akutolabe m'magombe a Cornwall. Sitimayo sinamire, koma palibe amene anaponya kanthu, choncho zonsezi ndi flotsam.

Chimene chimachititsa kuti china chiyandame china chimire n'chosavuta kumva. Madzi a m'nyanja ya mchere amalemera pafupifupi makilogalamu 1,025 pa kiyubiki mita imodzi, ndipo chilichonse chopepuka kuposa madzi amene chawakankha chimakhala pamwamba. Kontena yachitsulo imayandama ndi mpweya umene uli m'kati mwake mpaka madzi atalowera m'mphepete mwa zitseko ndi m'timabowo ta mpweya. Ya firiji imachedwa kumira chifukwa makoma ake ali ndi thovu louma lotchinga kutentha. Yoopsa kwambiri ndi imene yamira theka, chifukwa woyendetsa boti laling'ono saiona mpaka ataigunda. Njira imene chinthu chimatenga imadaliranso kuti chatulukira bwanji pamwamba pa madzi: chotulukira kwambiri chimamvera mphepo, chobisika chimamvera madzi oyenda, n'chifukwa chake katundu wogwa malo amodzi tsiku limodzi amakapezeka m'magombe otalikirana.

Jetsam ndiye liwu lolemera nkhani, ndipo pamenepa m'pofunika kudekha. Ndi katundu amene amalinyero aponya dala m'nyanja kuti sitima ipepuke pamene ili pangozi. Liwuli ndi chidule cha jettison, limene linachokera ku getteson wa Chifalansa cha ku England, ndipo gwero lake ndi mneni wa Chilatini jactare, kuponya. Pakamwa pa amalinyero liwu lalitalilo linafupika, ndipo zikuoneka kuti flotsam linatengera mathero ake kwa jetsam chifukwa chotchulidwa limodzi kawirikawiri. Kenako mawu awiri ochokera ku muzu umodziwo anagawana ntchito: jettison ndi kuponyako, jetsam ndi zoponyedwazo.

Mchitidwewu ndi wakale ngati ulendo wa panyanja. Owerenga Baibulo akuudziwa: amalinyero a m'ngalawa ya Yona anaponya katundu m'nyanja kuti ipepuke, ndipo pa Machitidwe 27 a m'ngalawa imene munali Paulo anayamba ndi katundu, kenako zida za ngalawa, pomaliza tirigu. Koma kuponya kumabala mlandu. Namondwe akavuta, amalinyero sasankha mwachilungamo, amagwira chimene chili pafupi ndi cholemera. Katundu wa wamalonda mmodzi amapita, wa anzake n'kufika ali bwinobwino, chonsecho onse apulumukira pa kutayika kwa mmodziyo. Anthu a pa chilumba cha Rhodes anali ndi lamulo pa nkhaniyi, Aroma analitenga, ndipo linalembedwa m'mabuku a malamulo a mfumu Justinian a mu 533. Mfundo yake ndi yakuti chimene chaperekedwa chifukwa cha onse chibwezedwe ndi onse. Lero mfundoyi imatchedwa general average, ndipo imayendetsedwa ndi malamulo a York-Antwerp, amene akhala akukonzedwa kangapo.

Kuwerengera kwake kumayenda motere, ndipo manambalawa ndi ongoyerekezera. Sitima ndi ya mapaundi 600,000. Wamalonda woyamba ali ndi katundu wa 300,000, wachiwiri wa 100,000. Zonse pamodzi ndi 1,000,000. Amalinyero aponya katundu wa wachiwiri wokwana 50,000, amene ndi magawo 5 pa 100 alionse a chuma chonse chimene chinali pangozi. Aliyense ndiye asenza magawo 5 pa 100 a chuma chake: mwini sitima 30,000, wamalonda woyamba 15,000, ndipo wachiwiri asenza yekha 5,000. Wotayidwayo alandira 45,000, osati 50,000, chifukwa nayenso anapulumukira pa kuponyako. Ambiri amalakwitsa pamenepa poiwala kuwerengera katundu woponyedwayo m'chuma chonse. Sitima ikafika padoko, mwini wake amakhala ndi mphamvu yogwira katundu mpaka mwini katundu aliyense atasaina kuti adzalipira gawo lake ndi kupereka chikole, kawirikawiri kudzera ku kampani yake ya inshuwalansi. Amene anatumiza katundu wopanda inshuwalansi amadzidzimuka pamenepa: katundu wake sanakhudzidwe n'komwe, koma satuluka mpaka atatulutsa ndalama m'thumba. Eni ake a Ever Given, sitima imene inatseka ngalande ya Suez mu Malichi 2021, anaitanitsa general average pa ndalama zoipulumutsira, ngakhale kuti sanaponye katundu.

Apa ndi pamene kusiyana kwa mawu awiri aja kumasanduka ndalama. Bokosi limene funde lakokolola ndi tsoka la mwini wake yekha ndi inshuwalansi yake. Bokosi limene laponyedwa dala kuti onse apulumuke limalipidwa ndi onse. N'chifukwa chake buku limene kaputeni amalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku limasanduka umboni waukulu: nthawi, mphamvu ya mphepo, kupendekeka kwa sitima, amene analamula, ndi zimene zinaponyedwa. Palinso chotchinga china. Katundu amene anaikidwa pamwamba pa sitima mosatsata mwambo wovomerezeka wa malonda amenewo sawerengedwa akaponyedwa, chifukwa iye mwini amawonjezera ngozi ndipo ndiye woyamba kugwiridwa zinthu zikavuta.

Liwu lakuti jetsam lili ndi tsamba lakuda limene siliyenera kudumphidwa. Kumapeto kwa Novembala 1781, amalinyero a sitima ya Zong, ya amalonda a ku Liverpool, imene inanyamula Aafirika ogwidwa ukapolo kupita nawo ku Jamaica, anayamba kuponya anthu amoyo m'nyanja, ndipo anapha oposa 130. Anati madzi akumwa anachepa. Inshuwalansi sinkalipira munthu wofa ndi matenda, koma inkalipira katundu woponyedwa kuti otsala apulumuke, ndipo munthu aliyense anali atamuikira mtengo wa mapaundi 30. Eni sitima anakasuma ku London mu 1783 kuti alipidwe, ndipo poyamba anapambana. A inshuwalansi atachita apilo, woweruza wamkulu Lord Mansfield analamula kuti mlandu uzengedwenso, utamveka umboni wakuti mvula inagwa kuponyako kusanathe. Olaudah Equiano, amene iyenso anakhalapo kapolo, anafikitsa nkhaniyi kwa Granville Sharp, wolimbana ndi ukapolo, amene anayesetsa kuti amalinyerowo aimbidwe mlandu wakupha, koma palibe amene anazengedwa. M'khotimo anthu ophedwawo anakambidwa ndi mawu omwewo amene amakambira migolo ya shuga. N'chifukwa chake zimaŵaŵa kumva wolemba akutchula anthu osowa pokhala kapena othawa nkhondo kuti flotsam ndi jetsam, monga Chingelezi chimalolera. Mawuwa ndi a katundu, ndipo anagwiritsidwapo kale ntchito pa anthu m'njira imene inapha.

Pali bodza lina limene lafala kwambiri, lakuti flotsam amakhalabe wa mwini wake koma jetsam ndi wa aliyense amene wamutola, poti mwini wake anamutaya yekha. Maganizowa akumveka okoma koma malamulo akale aja amawakana poyera. Aroma analemba kuti chinthu choponyedwa pa namondwe chimakhalabe cha mwini wake, chifukwa sanachiponye pochikana koma populumutsa moyo, ndipo wochitenga ndi mtima wofuna kupindula nacho ndi wakuba. Munthu amene waponya katundu wake pawindo nyumba ikupsa sanamupereke kwa odutsa m'njira. Lamulo la ku United Kingdom la masiku ano nalonso silisiyanitsa: onse awiri ali ndi mwini mpaka zitatsimikizika kuti mwiniyo sakupezeka.

Lagan, amene ena amalemba ligan, ndi katundu wolemera amene waponyedwa n'kumira, koma atamangiriridwa chingwe ndi chinthu choyandama kuti adzapezeke. Coke anaganiza kuti liwuli linachokera ku ligare wa Chilatini, kumanga, ndipo kufanana kwake n'kokopa. Akatswiri a mawu a pambuyo pake amaliona kuti linadzera m'Chifalansa chakale kuchokera ku muzu wa ku Scandinavia wotanthauza kugona kapena kugoneka, ndiye kuti chinthu chogona pansi pa nyanja. Pa mawu onsewa, ili ndi limene maganizo a mwini katundu amaonekera ndi maso, chifukwa chingwecho chikunena kuti adzabweranso. Chitsanzo chimene chikuchitikabe ndi nangula. Sitima ikafunika kuthawa msanga ndipo nangula wakana kuzuka, amalinyero amamasula tcheni chonse atamangirira choyandama kumapeto kwake, n'kulemba malowo. Zolakwika zake n'zodziwika. Chingwe chikafupika, madzi akakwera kapena akamathamanga choyandamacho chimakokeredwa pansi osaonekanso, choncho chingwe chiyenera kupitirira kuya kwa malowo pa nthawi imene nyanja yadzaza. Chikatalika mopitirira muyeso chimayandama mozungulira n'kukodwa m'mapulopela a maboti odutsa. Chikamakhuzika pa mwala kapena pa chitsulo chimaduka, ndipo chikaduka umboni wa umwini wapita nacho.

Derelict linachokera ku derelinquere wa Chilatini, kusiyiratu. Ndi sitima kapena katundu amene omuyang'anira amusiya panyanja opanda chiyembekezo chomupulumutsa kapena maganizo obwererako. Amalinyero amene atsika kukaitana thandizo sanasiye sitima m'njira imeneyi. Ngakhale pamenepa, kusiyidwa sikuchotsa umwini. Mu Disembala 1872 amalinyero a sitima ya Dei Gratia anapeza Mary Celeste ikuyenda yokha pakati pa zilumba za Azores ndi Portugal, anthu ake khumi atasowa, migolo 1,701 ya mowa wa m'mafakitale ili m'kati. Atatu mwa amalinyero a Dei Gratia anaiyendetsa mpaka ku Gibraltar. Khoti silinawapatse sitimayo. Linawapatsa mphotho ya kupulumutsa ya mapaundi 1,700, ndipo sitima inabwerera kwa eni ake. Umu ndi mmene salvage, lamulo la kupulumutsa sitima ndi katundu panyanja, imayendera: wopulumutsa amalandira mphotho, osati chinthucho, ndipo mphothoyo imadalira mtengo wa zopulumutsidwa, kukula kwa ngozi, luso ndi ndalama zimene wawononga, koma sipitirira mtengo wa zimene zapulumuka. Pangano la mayiko la mu 1989 la za salvage limasunga mfundo yakale yakuti wolephera kupulumutsa kanthu salandira mphotho, kupatula malipiro apadera kwa amene wateteza nyanja ku mafuta ndi zoipitsa zina.

Afalansa anadzera njira ina pofika pa ganizo lomweli. Liwu lawo épave linachokera ku expavidus wa Chilatini, kuchita mantha, ndipo poyamba linkanena chiweto chimene chathawa ndi mantha n'kusochera. Chiweto chosochera chili ndi mwini, kungoti sakuoneka.

Ku United Kingdom mawu onsewa akadali m'lamulo. Merchant Shipping Act ya mu 1995 imati wreck ikuphatikiza jetsam, flotsam, lagan ndi derelict zopezeka m'nyanja, m'magombe ake kapena m'madzi alionse amene amakwera ndi kutsika motsatira nyanja. Malire a mu 1601 aja, a pamtunda ndi pamadzi, anafufutika. Amene watola chinthu chotere, kaya ndi mbale, belu la sitima kapena katundu wa m'kontena, ayenera kudziwitsa ofesi ya Receiver of Wreck, imene ili pansi pa Maritime and Coastguard Agency, bungwe la boma loona za panyanja, pasanathe masiku 28. Pa fomu amalemba chimene wapeza, malo enieni, tsiku, ndi kumene akuchisunga. Nthawi zambiri amaloledwa kuchisunga yekha, koma m'malo mwa ofesiyo, osachigulitsa, osachiphwasula. Ofesi imafufuza mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi chaka chimodzi choti abwere ndi umboni, mbewu ya chaka ndi tsiku chija cha mu 1275. Akapezeka, amatenga chake atalipira wotolayo mphotho yoyenera. Wobisa akhoza kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 2,500, kutaya mphotho yake, komanso kulipira kawiri mtengo wa chinthucho.

Mmene anthu samalidziwira lamuloli zinaoneka mu Januwale 2007, pamene sitima ya makontena ya MSC Napoli, itang'aluka ndi namondwe, inakakochezedwa dala pafupi ndi Branscombe ku Devon. Makontena ena anagwa n'kufika pagombe, ndipo khamu linakhamukirako kukatenga njinga zamoto za BMW zatsopano, migolo, zida za galimoto, mpaka katundu wa m'nyumba wa mabanja amene ankasamukira kunja. Ambiri ankakhulupirira kuti cha m'nyanja n'cha wotola. Akuluakulu anayamba ndi kugawa mafomu, kenako anatseka gombelo. Kuchotsa chinthu pagombe kuti chisawonongeke sikunali kulakwa. Kulakwa kunali kuthyola makontena otseka ndi kupita nazo kunyumba osanena. Panalinso ngozi imene otolawo sanaiganizire, chifukwa sitima za makontena zimanyamulanso mankhwala oopsa, ndipo mgolo wopanda chizindikiro sutsegulidwa ndi munthu wamba.

Chaka chikatha mwini osapezeka, malo amene chinthucho chinatoledwa ndiwo amagamula. Ngati chinapezeka m'madzi a United Kingdom, amene amafika mamailosi a panyanja 12 kuchokera kugombe, chimakhala cha Ufumu, kapena cha amene anapatsidwa ufulu wa wreck m'dera limenelo monga Duchy of Cornwall, malo ndi chuma cha wodzalowa ufumu, ndipo wotolayo amalandira mphotho, imene kawirikawiri imakhala chinthu chomwecho. Zakale zofunika pa mbiri ofesi imayesetsa kuti zikasungidwe kunyumba zosungirako zinthu zakale, wotolayo atalipidwa. Ngati chinatoledwa kunja kwa malirewo n'kubwera nacho kudoko la m'dzikomo, Ufumu ulibe gawo, ndipo chimabwezedwa kwa wotolayo akalipira ndalama zimene ofesi inawononga pochisamalira.